Mankhwala akaoneka ngati akanika pa mwana wa OCD, tisathamangire kunena kuti walodzedwa

A Mkonzi,

Ndine mlimi wa mbatata ya kachewere kuno ku Angónia. Ndikupempha malo kuti ndilankhule ndi makolo anzanga a m'chigawo cha Tete amene ali ndi mwana ngati wanga.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 12. Chaka chatha adayamba kusamba m'manja osaleka. Mtanda wa sopo unkatha masiku atatu, ndowa imene mayi ake atunga kumjigo m'mawa inkauma dzuwa lisanafike pamutu, ndipo m'chisanu cha mwezi wa Juni manja ake adang'ambika mpaka kutuluka magazi. Tikamufunsa ankalira, akunena kuti akapanda kusamba kasanu ndi kawiri mayi ake amwalira. Chondipweteka kwambiri n'chakuti iye mwini ankadziwa kuti maganizowo ndi abodza, koma mantha sankamusiya.

Achibale adati walodzedwa. Mbuzi idapita kwa sing'anga, kumapemphero tidachezerako usiku. Pomaliza tekiniko wa matenda a maganizo ndiye adatiuza dzina la vutoli, OCD, pa Chipwitikizi TOC, matenda a maganizo oopsa obwerabwera amene amakakamiza munthu kubwereza chinthu chimodzi, n'kupereka mapiritsi otchedwa fluoxetine. Mwezi udatha popanda kusintha. Achibale aja adati, "Tinkanena ife, za kwathu sizimva mapiritsi." Ndidawamvera, ndipo ndidamusiyitsa mankhwala mwanayo. Pamenepo ndidalakwa.

Titabwerera, tekiniko uja adandikhazika pansi. Mankhwala a gulu ili, monga fluoxetine ndi sertraline, pa matenda amenewa amafuna masabata 8 mpaka 12 pa mlingo wokwanira munthu asananene kuti akanika, ndipo kawirikawiri mlingo wake umaposa wa matenda ovutika maganizo. Mtundu umodzi ukakanikadi, amayesa wina. Kenako pali clomipramine, amene amafuna kuti mtima wa mwana uyezedwe, ndipo nthawi zina dokotala amawonjezera risperidone kapena aripiprazole pang'ono, makamaka kwa mwana amene amaphethira kapena kugwedeza mutu mosafuna. Zonsezi ndi za dokotala, si zokagula pamsika kapena kuwoloka nazo malire kuchokera ku Dedza. Adatichenjezanso kuti pa masabata oyamba tizimuyang'anira mwanayo, akayamba kulankhula zofuna kufa tithamange naye tsiku lomwelo.

Koma chimene ndikufuna makolo amve si mapiritsi. Pali chithandizo chotchedwa ERP, pomwe mwana amaphunzira kukhudza chimene amachiopa pang'onopang'ono, n'kukhala osasamba mpaka mantha atsike okha. Mphwanga amene amaphunzira zaumoyo ku Beira adandiwerengera za kafukufuku wa ku America wa mu 2004, wa ana 112 a zaka 7 mpaka 17. Mwa amene adalandira sertraline yekha, pafupifupi 21 pa 100 alionse ndi amene adapezeratu bwino pakutha masabata 12. Mwa amene adalandira mankhwalawo pamodzi ndi chithandizo chophunzitsachi, adali pafupifupi 54 pa 100. Ndiye ana athu ambiri amene timati chipatala chawalephera adangolandira theka la chithandizo, ndipo thekalo silidafike kumapeto.

Ifenso makolo tinkawadyetsa matendawo chifukwa cha chifundo. Mayi ake ankatunga ndowa yachiwiri kuti mwana asalire. Ine ndinkayankha ka 20 pa tsiku kuti, "Ayi mwanawe, palibe amene amwalire." Yankho lililonse linkamupumitsa mphindi zochepa, funso n'kubweranso ndi mphamvu. Tidaphunzitsidwa kuchepetsa zimenezi pang'onopang'ono, osakalipa, osamenya, osamuseka. Tsiku loyamba kugwira chingwe cha mbuzi n'kudikira mphindi zisanu asanasambe, adanjenjemera thupi lonse, mayi ake akulira kuseri kwa nkhokwe. Sabata yachitatu adadikira theka la ola. Sadachiriretu, masiku ena zimabwerera, koma manja adapola ndipo kusukulu adayambiranso.

Kwa akuluakulu a zaumoyo m'chigawo chathu ndili ndi pempho. Dziko lathu lakhala likuphunzitsa matekiniko a matenda a maganizo kuyambira mu 1996, ndipo kwa ife akumidzi ndi iwo amene timawafikira. Aphunzitsidwe ERP ya ana, ndipo aziichita m'Chinyanja, chifukwa mwana wamantha sangaulule maganizo amene akumuchititsa manyazi m'chinenero chimene amangochigwiritsa ntchito m'kalasi. Mankhwala asamasowe pakati pa ulendo. Kawiri konse tidalipira chapa (minibasi) n'kukapeza atha, ndipo kudukiza koteroko kumabweza mwana m'mbuyo. Mawayilesi athu a m'madera nawonso alankhulepo, kuti mphunzitsi wa ku Tsangano kapena ku Macanga akaona mwana akufufuta chilembo chimodzi mpaka kope kubooka, aitane makolo ake m'malo motenga ndodo.

Kholo lokhudzidwa,
Ulongwe, Angónia