Kompyuta ija yadzuka ndi mabayiti 512

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno tilipo, mvula yayamba ndipo anthu ali kalikiliki kumunda.

Ukuikumbukira kompyuta ya Pentium ija tinkaphunzirirapo kutaipa, imene hard disk yake inafa kalekale? Yadzuka. Mulibe Windows, mulibe DOS, koma ukaiyatsa ikumalemba dzina lako pa sikirini, ndipo pulogalamu yochita zimenezi ndalemba ndekha. Tsiku limene inatheka ndinalakalaka ukanakhala pompano.

Kuyambira pa IBM PC ya 1981, makina amtunduwu akayaka, BIOS, pulogalamu yokhala m'makina momwemo imene imayamba kugwira ntchito ukangoyatsa, imawerenga sekita (kagawo) yoyamba ya diski, mabayiti 512 basi, n'kuwaika mu memory pa adiresi 0x7C00, kenaka purosesa imayambira pomwepo. BIOS zambiri zimayamba zaona ngati mabayiti awiri omaliza ali 0x55 ndi 0xAA, ndiye ako enieni ndi 510. Malowo ndi ochepa, koma pakati pa iwe ndi makina palibenso wina, ndipo n'chimene chandikoka mtima.

Ndinalemba mu assembly, chinenero cha malamulo a purosesa yeniyeniyo, n'kukompaila ndi NASM, pulogalamu yosandutsa malamulowo kukhala mabayiti. Lamulo lake ndi nasm -f bin, limene limatulutsa mabayiti okhaokha popanda chowonjezera. Pamwamba umaika org 0x7C00, pansi umadzaza maziro mpaka pa 510 n'kutseka ndi dw 0xAA55. Pofuna kulemba chilembo umaika 0x0E mu AH, chilembocho mu AL (timalo tosungira manambala mu purosesa), n'kuitana int 0x10, kumene ndi kupempha BIOS kuti ilembe pa sikirini. Dzina lonse limatuluka choncho, chimodzichimodzi.

Pa laputopu, mu QEMU, emulator yoyerekezera kompyuta ina, zinayenda bwinobwino. Ndinakopera pa floppy ndi pulogalamu ya dd, n'kuilowetsa m'makina enieni aja. Drive inalira kwee kwee, kanyale kobiriwira kanayaka, koma pa sikirini panabwera tinkhope tomwetulira, timitima ndi timizere, dzina lako osaoneka. Masiku atatu ndinkaganiza kuti diski ndi yowola. Ayi ndithu, vuto linali DS, kamalo ka mu purosesa kosunga segment, kutanthauza chigawo cha memory chimene pulogalamu imatolamo zilembo. Pa nthawiyi purosesa imakhala mu real mode ya mabiti 16, ndipo imapeza adiresi pochulukitsa segment ndi 16 n'kuphatikiza offset. Mu QEMU DS inali kale pa ziro, pomwe BIOS ya makina akalewa inasiyamo zina, ndiye pulogalamu inkatola zilembo pamalo olakwika. Mizere iwiri yokha koyambirira, xor ax, ax ndi mov ds, ax, yoika DS pa ziro, inathetsa zonse. Iweyo ukadzayesa, usadzadalire emulator yokha.

Panopa ndawonjezera int 0x16, moti ikumamva kiyibodi n'kubwereza chimene wadina. Chotsatira ndi int 0x13 yowerengera diski, kuti sekita yoyamba izikoka zinzake. Floppy ya 1.44 MB ili ndi masekita 2880, ndipo ine ndagwiritsapo imodzi yokha. Mumtima muli kamasewera ka bawo, ka zilembo zokhazokha, kuti ana a mlongo wanga azisewera akaweruka kusukulu. Malaputopu ambiri atsopano a UEFI, imene inalowa m'malo mwa BIOS, sadziwanso kuyambira pa sekita yotereyi, n'chifukwa chake makina akalewa ndikuwasamala ngati dzira.

Pempho langa ndi ili. Ma floppy amene ndili nawo ambiri achita nkhungu, abwino atsala awiri. Ukawapeza kumeneko osatsegula, ngakhale khumi okha, undigulireko, upatsire aliyense wobwera pa basi mu December. Ndalama ndikawapatsa amayi ako ndikapita kukawaona Loweruka.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kale lomwe.