Lipoti la msonkhano wa za ngongole za nyumba ndi ndalama zotsala

Kwa a wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano uja ndi funso lomwe latigawa kwa nthawi yaitali m'gulu lathu: munthu amene akubweza ngongole ya nyumba, akatsala ndi kandalama pakutha pa mwezi, akaponye kubanki kuti ngongole ichepe, kapena akaike pena pomwe kangabereke? Ndabwera nalo yankho, ngakhale kuti aliyense adzafunika kuliyeza ndi mapepala ake. Mutu wa nkhani ndi chiwongoladzanja chomwe chalembedwa pa pangano lanu ndi banki. Ambiri a ife timadziwa ndalama yomwe timadulidwa pamwezi, koma nambala imeneyi sitiidziwa, ndipo popanda iyo timangokangana.

Mphunzitsi woyamba anayamba ndi masamu. Tiyerekeze kuti mwabwereka 100,000, kaya ndi ndalama ya dziko liti, pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka, yobweza kwa zaka 20. Mwezi uliwonse muzipereka 965. Pa 965 ya mwezi woyamba, 833 ndi chiwongoladzanja, ndipo 132 yokha ndi imene yachepetsa ngongole. Pomafika kumapeto mudzakhala mutapereka pafupifupi 231,600. Ambiri tinadabwa, chifukwa timaganiza kuti tikalipira zaka zisanu ndiye kuti tachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a ngongole. Sizili choncho. Zaka zoyambirira ndalama zambiri zimathera kuchiwongoladzanja, chifukwa banki imawerengera pa ngongole yomwe yatsala, ndipo nthawi imeneyo yotsalayo imakhala idakali yaikulu.

Kenako anatiuza kuti tiwonjezere 100 pamwezi kuyambira pachiyambi. Ngongole yomweyo imatha m'zaka 15 ndi miyezi inayi, ndipo chiwongoladzanja chimatsika ndi ndalama zoposa 35,000. Apa m'pomwe ndinamvetsa mfundo imene ndikufuna tonse tiigwire. Ndalama iliyonse yomwe mwabweza nthawi isanakwane imakupulumutsani ku 10 peresenti chaka ndi chaka. Phindu limeneli silidalira msika kapena mwayi, komanso silidulidwa msonkho, popeza si ndalama yolowa m'thumba koma yomwe yaleka kutuluka. Choncho amene akuti mukaike ndalama kwina akuwonetseni kuti kumeneko, msonkho ndi zolipira akatswiri zitachotsedwa, mudzapeza zoposa 10 peresentiyo.

A mbali ya masheya analankhulanso, ndipo sanali olankhula zachabe. Msika wa masheya wa ku America, kuuyang'ana pa zaka makumi ambiri, wakhala ukubweza pafupifupi 10 peresenti pachaka. Munthu wa kumeneko amene anatenga ngongole ya nyumba mu 2020 kapena 2021, pomwe chiwongoladzanja chokhazikika cha zaka 30 chinatsika mpaka pansi pa 3 peresenti, alibe chifukwa chothamangira kubweza. Ngakhale kungosunga ndalama kubanki kunayamba kumupatsa zoposa zomwe akudulidwa pa ngongoleyo, banki yaikulu ya dzikolo itakweza chiwongoladzanja kufika pa 5.25 mpaka 5.5 peresenti mu July 2023. Ananenanso za kukwera mitengo kwa zinthu: ngati chiwongoladzanja chanu n'chokhazikika ndipo malipiro anu akukwera, ngongole imanka ipepuka yokha, chifukwa mukubweza ndi ndalama yomwe mphamvu yake yatsika.

Zonsezi n'zoona. Chomwe sindinagwirizane nacho ndi chizolowezi chotchula 10 peresenti ya masheya ngati kuti imabwera chaka chilichonse. Kuyambira October 2007 kufika March 2009, masheya a makampani akuluakulu 500 a ku America, otchedwa S&P 500, anagwa kuposa theka la mtengo wake. Ku Japan, Nikkei 225, yomwe imayeza mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a kumeneko, inafika pamwamba mu December 1989 ndipo sinadzafikenso pamenepo mpaka February 2024. Zaka 34 zimenezo ndi zambiri kuposa nthawi yomwe anthu ambiri amabwezera ngongole ya nyumba. Banki siimika tsiku lodula ndalama chifukwa choti msika wagwa, ndipo nthawi zambiri msika umagwa pomwenso ntchito zikutha. Munthu amakakamizika kugulitsa masheya motchipa kuti apulumutse nyumba. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Komabe ndikuchenjezeni, inu amene mwamva kale kuti ndikukondera kubweza ngongole, kuti nako kuli ndi msampha wake, ndipo nkhani imeneyi ndi imene inatenga nthawi yaitali pa zokambirana za m'magulu. Ndalama yomwe mwaponya pa ngongole ya nyumba siibwerera mosavuta. Mukadwala kapena ntchito ikatha, simungapite kubanki n'kunena kuti chaka chatha munalipira mopitirira, ndiye akubwezereni kapena akupumitseni miyezi itatu, pokhapokha pangano lanu litanena choncho. Munthu angathe kukhala atabweza gawo lalikulu la ngongole koma n'kulandidwabe nyumba chifukwa chosowa ndalama ya miyezi ingapo. Ndiye aphunzitsi onse, a mbali zonse ziwiri, anagwirizana chimodzi: musanawonjezere kalikonse pa ngongole, sungani padera ndalama zokwanira kusamalira banja ndi kulipira banki kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, pamalo pomwe mungazitenge tsiku lomwelo. Ndikupempha kuti mfundoyi tisaitsutse.

Zina ndingozidutsa mwachangu chifukwa n'zomveka. Ngongole zina zokwera chiwongoladzanja, monga za pa khadi la banki kapena za katapila, zithe kaye tisanakambe za nyumba. Ngati abwana anu amawonjezera ndalama zawo pa penshoni molingana ndi zomwe inu mwaikako, musasiye mwayi umenewo pofuna kubweza ngongole msanga.

Pali zinthu zitatu za m'pangano zomwe ambiri sitinaziwerengepo. Choyamba, ngati chiwongoladzanja chanu n'chokhazikika kapena chimasintha. Chikakhala chosintha, mutha kudzuka tsiku lina ndalama ya pamwezi itakwera, monga zinachitikira anthu ambiri ku Britain pomwe banki yaikulu ya dzikolo, Bank of England, inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 kufika pa 5.25 mu August 2023. Kwa munthu wotere, kuchepetsa ngongole kumachepetsanso ululu wa tsiku limenelo. Chachiwiri, chindapusa. Mabanki ena amalipiritsa munthu akabweza nthawi isanakwane. Ku Britain ambiri amalola kuwonjezera mpaka 10 peresenti ya ngongole pachaka popanda chindapusa, koma kwina malamulo ndi ena. Chachitatu n'chomwe chinandikhudza kwambiri. Mukapereka ndalama yowonjezera, muuze banki mochita kulemba kuti ichotsedwe pa ngongole yeniyeniyo. Apo ayi, ingathe kuitenga ngati malipiro a mwezi wamawa, ndipo chiwongoladzanja sichitsika. Akakufunsani ngati mukufuna kuchepetsa zaka kapena kuchepetsa ndalama ya pamwezi, dziwani kuti kuchepetsa zaka ndiko kumapulumutsa zambiri, pomwe kuchepetsa ya pamwezi kumapatsa banja mpata wopuma.

Maganizo anga ndi awa. Kwa amene chiwongoladzanja chawo chili chokwera, cha m'ma 10 peresenti kapena kuposa, kubweza ngongole n'kovuta kukupambana, makamaka zaka zoyambirira pomwe ndalama iliyonse yowonjezera imagwira ntchito yaikulu. Kwa amene chawo n'chotsika komanso chokhazikika, ali ndi zaka zambiri zogwira ntchito, ndipo mtima wawo sungagwe msika ukagwa, kuika ndalama m'masheya a makampani ambiri osiyanasiyana n'kwanzeru. Amene ali pakatikati atha kugawa ndalamayo pawiri, ndipo palibe cholakwika. Abale athu omwe atsala pang'ono kupuma pantchito ndikuwalimbikitsa kuti ayesetse kulowa penshoni ngongole itatha, chifukwa nthawi yodikira kuti msika udzuke alibe. Mayi wina m'gulu lomwe ndinakhalamo ananena kuti kugona tulo uli wopanda ngongole nakonso n'phindu, ndipo palibe katswiri amene anamutsutsa.

Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu aliyense amene ali ndi ngongole ya nyumba abwere ndi pangano lake komanso sitetimenti yaposachedwa. Tidzakhala pansi awiriawiri n'kupeza chiwongoladzanja, zaka zotsala ndi ndime ya chindapusa. Amene safuna kuti ena aone mapepala ake angathe kundipeza payekha msonkhano usanayambe. Zolemba zomwe anatigawira ndazipereka kwa alembi athu.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu