NFL yasanduka ya oponya okhaokha

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mpira wa ku America uja wa NFL, masiku ano matimu ambiri akungofuna kuponya basi, kuthamanga ndi mpira kukukhala ngati kwatha fasho. Zinayamba mu 1978 pomwe ligi inaletsa madifenda kukankha wolandira mpira akadutsa mayadi 5, kenako mu 2004 marefa anauzidwa kuti alimbe nalo lamuloli, ndiye quarterback (wosewera amene amaponya mpira) aliyense anangopeza danga. Dan Marino ataponya mayadi 5,084 mu 1984 anthu anagwira pakamwa, rekodi inakhala mpaka 2011, koma Drew Brees yekha anadutsa mayadi 5,000 pa sizoni kasanu. Rekodi ya Eric Dickerson yothamanga mayadi 2,105, ya 1984 yomweyo, ilipobe.

Ndalama nazo zikutsata komweko. Quarterback Dak Prescott anasaina kontilakiti ya madola 60 miliyoni pachaka, pomwe running back, wothamanga ndi mpira, amene amagundidwa ndi zimphona pafupifupi ulendo uliwonse wagwira mpira, sapeza ngakhale theka, akafika zaka 30 amati watha.

Inde masamu ake ndi omveka, kuponya kumabweretsa mayadi ambiri. Koma ine zimandikoma ndikaona timu ikutsogola kota yomaliza, ikungopatsa munthu mmodzi mpira, wotchi ikutha, madifenda manja m'chiuno akupuma wefuwefu. Onani running back Saquon Barkley, anathamanga mayadi 2,005 mu 2024 ndipo timu yake ya Eagles inatenga Super Bowl, chikho chachikulu cha NFL. Timu ya Giants yomwe inamulola kuchoka inawina magemu 3 okha sizoni imeneyo.

Wokonda masewera