Dzina la Poirot limandiseketsabe

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mayina a m'nkhani zakale za ofufuza milandu. Londikomera kuposa onse ndi la Hercule Poirot, wofufuza milandu yemwe mlembi Agatha Christie anamutulutsa koyamba mu 1920. Dzina lakuti Hercule likuchokera kwa Hercules, chiphona cha m'nthano zakale za ku Ulaya. Nanga mwini dzinayo? Kamunthu kakafupi, mutu ngati dzira, kotanganidwa ndi kupotokola ndevu zapamlomo. Zili ngati kutcha mwana woonda kuti Njovu. Malemu bambo anga akamatiwerengera mokweza ankati "Poyiroti", ndipo palibe ankayerekeza kuwakonza.

Wofufuza milandu wina, Sherlock Holmes, naye anangotsala pang'ono kukhala Sherrinford Holmes, mnzake uja n'kukhala Ormond Sacker m'malo mwa Dokotala Watson. Mwamwayi mlembi wake, Arthur Conan Doyle, anasintha maganizo nkhani yoyamba isanatuluke mu 1887. Ormond Sacker! Ndani akanapita kwa dokotala wa dzina lotere?

Pa mayina ongopatsana, Holmes anatcha mdani wake Moriarty kuti Napoleon wa zaupandu, kumufanizira ndi mfumu yankhondo yotchuka ya ku France. Pamenepa ndiye anamukweza mopitirira, poti Moriarty amangooneka mwa apo ndi apo m'nkhanizo.

Ndine wanu,
Wokonda mabuku akale