Iwe umasamuka, wodwala amatsala

Mzuzu, Lachitatu usiku

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tili bwino, kaya iwe kumeneko. Chisanu chafika msanga chaka chino, kamvula kowaza kaja kakumagwa kuyambira m'mawa mpaka zovala osauma pachingwe. Bambo ako akukhalira kuotha mbaula, bondo lija likuwavutabe podzuka.

Lamulungu titatsitsa foni sindinapeze tulo msanga. Unati watopa nako kusamukasamuka. Ukangoyamba kuwadziwa odwala a wodi ina, amene amadya bwino, amene amabisa mapiritsi kunsi kwa lilime, amene amangolira dzuwa likamalowa, akuluakulu ako akuti miyezi yakwana, nyamuka upite kwina. Unati paliponse ukudziona ngati mlendo. Ine ndinangoti limba mtima, poti mayunitsi amathamanga pomwe mawu anga amabwera pang'onopang'ono. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe.

Kuti ndiwe mlendo sindikukana. Anakonza dala kuti m'zaka 4 za maphunziro akowa a udokotala wa matenda a maganizo upondeko ponseponse, ku Zomba, ku Queen Elizabeth, kwa ana, kwa okalamba, kwa a mowa ndi chamba, kwa obwera ndi apolisi, kuti tsiku lomwe udzakhale wekha m'chigawo chonse pasadzapezeke matenda oti ukuwaona koyamba. Zimenezo n'zabwino. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti maso atsopano amaona zomwe eni wodi anazolowera. Koma anatinso mlendo ndi mame. Iwe ukakamuka, wodwala uja amatsala ndi zomwe unamulembera, iye ndi mayi ake ndi mkazi wake, mwina zaka khumi. Nkhani yanga yagona pamenepo, ndipo ndikuuza chifukwa chake.

Amalume ako ukuwadziwa ali munthu wofatsa, wometa bwino, wosamala mbuzi zake. Sunawaone mmene anayambira kudwala, unali usanabadwe. Anayamba ndi kusagona. Kenako ankati wailesi ikunena za iwo, mpaka anaikulunga m'bulangete n'kukaiika m'nkhokwe. Tinapita nawo kuchipatala china, anawapatsa chlorpromazine, ndipo patapita milungu ingapo anabwerera mwakale, kungoti ankagona kwambiri masana. Ulendo wina atapita kukatenga mankhwala anapeza dokotala wachinyamata amene anabwera kwa miyezi yochepa, ngati mmene ukuchitira iwemu. Anamva dandaulo la tulo lija, anawasinthira ku haloperidol, mlingo wokwererapo, n'kuwauza kuti adzabwerenso mwezi wamawa. Tsiku lachitatu khosi linapindikira kumbali, maso anatembenukira kumwamba, lilime linatuluka osabwereranso, malovu ali chuchuchu pamalaya. Agogo ako ataona zimenezo anangoti basi, mwana wanga amulodza, mankhwala achizungu akulimbana ndi za anthu. Anataya mapiritsi onse m'chimbudzi, m'mawa mwake ulendo kwa sing'anga. Ine uthenga unandipeza patatha sabata. Ndinalira, chifukwa ndinkadziwa kuti kambewu kamodzi ka benzhexol kakanamasula khosi lija tsiku lomwelo, ndipo mawu awiri okha owachenjeza agogo ako akanaletsa zonsezo. Zinatitengera zaka ziwiri kuti alongo anga avomerenso kumeza piritsi. M'zaka ziwirizo ntchito inatha, mkazi woyamba anapita kwawo.

Dokotala uja sanali munthu woipa. Anamva dandaulo ndipo anafuna kuthandiza. Koma mmene khosi linkapindika n'kuti iye ali kale pawodi ina, ndipo ndikhulupirira kuti mpaka lero sadziwa chomwe chinachitika. Nthawi imeneyo tinkayenda ndi timakadi tosachedwa kutayika. Inu muli ndi mwayi, aliyense ali ndi kabuku kake ka kuchipatala. Ndiye chonde, kabuku kameneko uzikalemba ngati ukulembera munthu amene sudzakumana naye, amene adzakatsegule pachipatala chaching'ono cha kumudzi, magetsi atazima, pamzere pali anthu makumi asanu. Zilembo zikhale zowerengeka. Ulembe mankhwala, mlingo, chifukwa chomwe wasinthira, omwe anayesedwa kale n'kukanika, ndi tsiku la jakisoni wotsatira ngati ali pa fluphenazine. Usanalembe mankhwala atsopano okongola omwe wawawerenga m'mabuku, funsa kaye ngati amapezeka kwawo kwa munthuyo, chifukwa mankhwala abwino omwe atha pakatha mwezi amabweza matenda ndi ukali. Lithium usamuyambitse munthu amene sangathe kumayezetsa magazi. Mtsikana kapena mayi woti angatenge pathupi, uganize kawiri usanamupatse sodium valproate, umadziwa zomwe amachita kwa mwana m'mimba. Ndipo sabata yako yomaliza pawodi iliyonse isakhale yotsanzikana ndi kujambulitsa zithunzi. Ukhale pansi ndi amene akukulowa m'malo, wodwala mmodzimmodzi, mpaka mutu ukuwawe.

Gadiyani usamuthamangitse pakhomo. Ndikudziwa kuti pa raundi nthawi imachepa, ndipo mayi wa kumudzi akayamba nkhani amayambira pa tsiku lomwe mwana anabadwa. Musiye ayambire pomwepo. Iye ndi amene anaona usiku woyamba, ndi amene adzasunge mapiritsi m'kachitini pamwamba pa kabati, ndi amenenso adzaganize zowataya. Ukamufotokozera kuti khosi likauma kapena manja akayamba kunjenjemera si ufiti, abwere msanga pali mankhwala ake, wapulumutsa zaka za munthu. Chimodzimodzi anamwino akale ndi ma clinical officer. M'dziko muno madokotala a matenda a maganizo akhala owerengeka ndi zala kwa nthawi yaitali, ndipo ntchitoyi aisenza ndi iwowo. Ena mwa iwo anaphunzira konkuno ku koleji ya St John of God. Namwino amene wakhala pawodi zaka 20 akakuuza kuti uyu lero asatuluke, maso ake sakundisangalatsa, usafunse kuti zalembedwa m'buku liti. Pita ukamuonenso wodwalayo.

Unanenanso kuti mwezi wamawa uyamba kumaitanidwa kumawodi a matenda ena, kukaona amene anzako akuti azungulira mutu. Apa ndiye ndikuuze cholakwa changa, chimene sindinauzepo ngakhale bambo ako bwinobwino. Ndili namwino wamng'ono, usiku wina anabwera ndi bambo wa zaka za m'ma 50, akukuwa, akuzula diripi, akuti pakhoma pakuyenda njoka. Wodi inali yodzaza, ndinali ndekha ndi wothandizira mmodzi. Ndinangoti wamisala uyu, tinamumanga manja ndi nsalu kubedi, anapatsidwa diazepam, ine n'kupitiriza ntchito zina. Mkazi wake ananditsatira mpaka patebulo, chitenje chili kukamwa, akuti, "Anesi, bambowa sanapangepo zimenezi, dzana lomweli amalima." Ndinamuyankha kuti adikire adokotala m'mawa. Kutacha bambo aja sankadzuka. Thupi linali moto, ndipo magazi atayezedwa anapezeka ndi malungo, anali atakwera kale ku ubongo. Anatisiya masana ake. Mawu a mayi aja ndimawamvabe, dzana lomweli amalima. Anandiuza matenda onse m'mawu atatu, ine osamva.

Choncho akakuitana kuti kuno kuli wamisala, nyamula choyezera kutentha thupi usananyamule cholembera. Munthu wamkulu amene sanadwalepo maganizo, n'kusokonezeka m'masiku awiri, masana ali bwinoko usiku zikuipa, osadziwa komwe ali kapena kuti lero n'lachingati, ameneyo thupi lake likudwala mpaka utatsimikiza kuti ayi. Yeza shuga, yeza malungo, gwira khosi, funsa za HIV ndi mankhwala omwe akumwa. Funsanso mkazi wake mwakachetechete ngati bambo amamwa, chifukwa wa kachasu akagonekedwa n'kukhala masiku awiri kapena atatu osalawa, amanjenjemera, amatuluka thukuta, amaona tizilombo, ndipo akhoza kufa nazo. Kuwodi ya amayi oyembekezera ukapeza wongobereka kumene amene sakugona ndipo akuti mwanayu si wake, usamusiye yekha ndi khandalo ngakhale mphindi imodzi, komanso usalole anthu amutukwane. Amachira bwino ameneyo akathandizidwa msanga. Anzako a mawodi amenewo nthawi zina adzafuna ungomuchotsa wodwalayo pabedi lawo. Ukane mwaulemu, koma ukane.

Za obwera ndi apolisi sindinena zambiri, aphunzitsi ako akudziwa kuposa ine. Chipatala cha Zomba ukugwiracho mizu yake ili m'ndende, odwala oyamba ankasungidwa kumeneko kuyambira 1910 mpaka chipatala chenicheni chitatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo lomwe ife tinkagwirira ntchito linali la 1948, la nthawi ya atsamunda. Fungo la ndende limachedwa kuchoka m'maganizo a anthu. Munthu akakhala patsogolo pako ndi unyolo, khoti likufuna lipoti, ulembe zomwe waona ndi kumva, osawonjezera kuti umuthandize, osachotsera chifukwa mlandu wake wakunyansa. Ndipo umupatse moni ngati munthu.

Kwa ana ukakapeza khunyu yambiri. Ukayang'ane zipsera za moto m'manja ndi m'miyendo, zimanena zomwe makolo akuchita nazo manyazi. Ukawauze kuti malovu a wakhunyu sapatsirana, kuti asamuike supuni m'kamwa, angomugoneka chammbali kutali ndi moto, ndipo mwanayo abwerere kusukulu. Kakalata kako kamodzi kwa aphunzitsi kamatha kubweza mwana m'kalasi.

Mtima wanga ukulakalaka kuti miyezi ina adzakutumize kuno kumpoto, osati chifukwa chofuna kukuphikira kokha. Abale achikatolika a chipani cha St John of God anafika mu Mzuzu mu 1993, ine ndikuona. Kale munthu akadwala ku Chitipa kapena ku Karonga, ulendo wake unali wa ku Zomba, ndipo kuchokera pano pokha ndi makilomita oposa 600. Abale ake ankalephera kukamuona, ena ankangomumangirira pamtengo kuseri kwa nyumba. Lero amagonekedwa konkuno ku House of Hospitality, chipatala cha abale a St John of God aja, ndipo galimoto zawo zimapita m'midzi kukapereka mankhwala. Ukadzakwera nawo galimoto imeneyo udzaona komwe kabuku kako kamathera, udzaona mayi amene wayenda maola atatu wapansi kudzatengera mwana wake mapiritsi a mwezi umodzi.

Koma ukabwera, Chitumbuka chako chija uchitsuke. Unakulira pano, unkachilankhula bwino posewera ndi anzako ku Chibavi, koma kuyambira pomwe unapita ku College of Medicine, imene pano akuti KUHeS, ndimakumva ukuchita chibwibwi. Ife tinabwera kuno ndi Chichewa chathu cha ku Dedza, ndipo pawodi ndinaphunzira mochedwa kuti munthu amatha kukuuza za mutu ndi m'mimba m'chilankhulo chilichonse, koma za mumtima amanena m'chilankhulo cha mayi ake. Ntchito yakoyi mpeni wake ndi mawu. Womasulira amafupikitsa, amakonza, nthawi zina amabisa zomwe akuona kuti n'zochititsa manyazi, makamaka akakhala m'bale wake. Kuno udzakumananso ndi Atonga ndi Ankhonde, monga mmene ku Zomba ukukumanirana ndi Ayao ndi Alomwe. Ngakhale moni wokha, umatsegula pakamwa pa munthu.

Udzamvanso ng'oma za vimbuza usiku. Anthu akuno amazilemekeza, ndipo a UNESCO anazizindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe. Odwala ako ambiri adzakhala atavinako, ena atapita kwa sing'anga, ena atagona kumapemphero milungu iwiri. Ukawaseka kapena kuwakalipira, sadzakuuzanso kanthu ndipo adzapitabe. Ine ndinkangofunsa kuti mwayenda kuti kale, anakuuzani chiyani, anakupatsani chiyani chakumwa. Zomwe ndinkalimbana nazo ndi unyolo, kumenya, kusala kudya kwa munthu wofooka kale, ndi kumuuza kuti asiye mankhwala. Pemphero lokha sindinaletsepo munthu, inenso ndimapemphera. Agogo ako aja akanapeza wowamvetsera m'malo mowadzudzula, bwenzi atabwerera kuchipatala msanga.

Mayi ena kutchalitchi anandifunsa kuti mwana wanu, nzeru zonse zija, anasankhiranji za amisala. Ndinawayankha kuti pabanja pathu tikudziwa chomwe dokotala wotere amatanthauza, ndipo ndinanena mutu uli m'mwamba. Koma ndikudziwanso kuti ntchitoyi imalemera. Tsiku lina wodwala amene unamutulutsa ukuona kuti ali bwino adzadzipweteka, ndipo udzafuna kudzitsekera m'chipinda. Usadzatero. Udzapite kwa amene akukuyang'anira, mudzaunike limodzi zomwe zinachitika, kenako udzandiimbire ngakhale pakati pa usiku. Ine za bambo a malungo aja ndinazisunga ndekha zaka zambiri, ndipo sizinandipindulire kanthu. Uzidya, uzigona ukapeza mpata, Lamulungu uzipita kukapemphera ndi anzako.

Ndakutumizira kakatundu pa basi ya Lachisanu, muli mpunga wa kilombero, usipa wouma wa ku Nkhata Bay, khofi paketi ziwiri ndi juzi yako yobiriwira ija, poti Zomba nayenso amazizira. Ukalandira undiuze.

Amalume ako anabwera Loweruka, anadzera kuno pochokera kolandira jakisoni wawo. Anenepako, mbuzi zaswa ziwiri. Koma dzanja lamanja layamba kunjenjemera, mpaka tiyi anatayikira pathalauza, ndipo milomo ikumangotafuna yokha. Ndawauza kuti asadikire, akanene kuchipatala msanga, ndipo Lolemba ndipita nawo ndekha. Iwo akuti ngakhale zili choncho, ukabwera pa Khirisimasi udzawaonere kabuku kawo, akasunga m'pepala la pulasitiki limodzi ndi timakadi takale tija. Bambo ako akupereka moni.

Ndine mayi ako.