Kalata kwa mwana wanga wolemba buku

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi akamwini anga ndi adzukulu onse. Kuno tadzuka, kungoti chiperoni chatitsekera m'nyumba, phiri silikuoneka n'komwe, ndipo maondo anga akudandaula monga mwa nthawi zonse. Mapepala ako kondakitala uja anandisiyira pa Chitakale ali bwinobwino. Ndawerenga mpaka tsamba lomaliza, ndipo malo ena ndalembamo ndi cholembera chofiira. Usakhumudwe, uphunzitsi sutha ndi penshoni.

Kulemba umatha, pamenepo sindikunyengerera. Ndime ija mtsikana waima pakhomo la kuchipinda mbandakucha, kumvetsera mmene mayi ake adzukire kuti adziwe ngati lero ndi lopita kusukulu kapena lobisa mpeni ndi machesi, ndinaiwerenga ndi misozi. Ana otere ndinawaphunzitsa. Sachita phokoso m'kalasi, amabwera mochedwa, amawodzera nthawi ya masamu, ndipo ukawafunsa za kunyumba amayankha msanga kuti kuli bwino.

Koma usandiuze kuti nkhaniyi ndi yopeka. Mayi wodwala maganizo wa m'bukumo ndi amayi ako aang'ono, ndipo mtsikanayo ndi achemwali ako a ku Luchenza. Wasintha maina okha basi. Mtengo wa mango wa pachitsime uli momwemo, chipsera cha moto cha padzanja chili momwemo, ngakhale nyimbo imene ankaimba usiku ili momwemo. Munthu aliyense wa kwathu kuno adzawazindikira asanamalize mutu woyamba. Choncho ndikulankhula nawe ngati mayi ako, komanso ngati mkulu wake wa munthu amene wamulembayo.

Nthawi imeneyo iwe unali wamng'ono, ndipo unkaona zimene mudzi wonse unkaona: tsiku lothamanga pamsewu opanda mpango, tsiku lomwaza ufa pabwalo, tsiku lomangidwa ndi chingwe. N'chifukwa chake mayi wa m'buku lako akudwala kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Sizinali choncho ayi. Mng'ono wanga ankatha miyezi yambiri ali bwinobwino. Pothyola tiyi akapitawo ankamudziwa, dengu lake linkafika pasikelo msanga kuposa la amuna ena. Ankaimba bwino ku Mvano, ankaluka tsitsi atsikana a m'mudzi osalipiritsa, ndipo kalongonda wake palibe ankamufikapo, iwenso unkanyambita mbale. Ankaseketsa anthu pamaliro mpaka anamfedwa n'kumwetulira. Zimenezi uzilembe, ndipo usaope kuti buku lizizira. Mwana wa m'nyumba yotere chimamupweteka kwambiri n'chakuti mayi ake abwino aja amabwerera, amamusambitsa, amamusokera yunifolomu, iye n'kukhulupirira kuti zatha, kenako tsiku lina akuweruka kusukulu n'kupeza zayambiranso. Mayi akanakhala woipa masiku onse mwana akanangothawa. Amakhala chifukwa amamukonda, ndipo wowerenga wako sadzamvetsa kukhalako ngati iyenso sanamukondeko mayiyo.

Za chiyambi cha matendawa walemba kuti anamulodza mkazi wina wolimbirana naye mwamuna. Anthu ankanenadi zimenezo, ndipo ukhoza kuziika m'kamwa mwa anthu a m'mudzi, koma iwe mlembi usazisainire. Ine ndinalipo. Zinayamba atangobereka mwana wachiwiri uja amene sanakhalitse. Anasiya kugona, anayamba kulankhula osapuma, kenako kumva mawu amene ife sitinkawamva. Bambo wa anawo anali atapita ku Joni, kalata ziwiri zitatu n'kuzimirira. Ntchito ya ku esiteti nayo umaidziwa: mvula ikagwa tiyi amaphuka, anthu amalembedwa ambiri, chilimwe chikafika ambiri aja amauzidwa kuti akadikire kunyumba. Kuno minda ndi yaing'ono, malo aakulu ndi a tiyi, ndiye mzimayi wopanda mwamuna, wopanda munda wokwanira, ganizira wekha zimene zinkayenda m'mutu mwake usiku. Sindikunena kuti umphawi ndiwo unabweretsa matendawa, pakuti olemera nawo amadwala. Koma unkawakolezera.

Ndiye pali nkhani ya mankhwala, imene sunaikhudze n'komwe. Titatopa ndi asing'anga, mbuzi zitatha m'khola la agogo ako, tinamutengera kuchipatala cha pa boma, ndipo iwo anamutumiza ku Zomba, kumene tonse timangoti ku Mental. Anabwerako ali munthu. Koma mapilitsi aja ankamugonetsa, thupi linkauma, manja ankanjenjemera, ndipo wothyola tiyi amalipidwa poyang'ana makilogalamu. Munthu wofooka m'mawa sangadzaze dengu. Ndiye ankati akamva bwino amasiya kumwa kuti agwire ntchito ana adye, matenda n'kubwerera. Pena inkasowa ndi ndalama ya basi yokatengera mankhwalawo. Anthu ankati ndi wamakani, ena ankati mizimu ikukana mankhwala achizungu. Koma kunena zoona ankasankha pakati pa mutu wake ndi mimba za ana ake. Mutu umodzi wa buku lako ukhale wa zimenezi, mtsikanayo akuwerenga mapilitsi m'kabotolo n'kuzindikira kuti sakuchepa. Achemwali ako ankachita zimenezo asanafike n'komwe Sitandade 5.

Mapemphero sindikuwanyoza, ine ndemwe ndinkagwada naye pansi. Koma amene ankamuuza kuti ataye mankhwala pofuna kuonetsa chikhulupiriro anamulakwira, ndipo ngati ukufuna munthu woipa m'buku lako, yamba ndi ameneyo, usiye mayi wodwala.

China chimene chandidabwitsa: mtsikana wako alibe m'bale ngakhale mmodzi. Kodi nkhaniyi ikuchitikira ku Mulanje kwathu kuno? Ife ndife a chikamwini. Mkazi amakhala pamudzi pa amayi ake, pakati pa abale ake aakazi, ndipo ana ndi a mbumba, woyang'anira ndi malume. Mwamuna akachoka ana satsala m'tchire. Wowerenga wa ku Thyolo kapena ku Phalombe adzafunsa kuti amalume ake ali kuti, agogo ake ali kuti. Ngati ukufuna kuti akhaledi okhaokha, asamutse uwaike kumakomboni a ku esiteti, kumene oyandikana nawo ndi anthu obwera, ena ochokera kutsidya kwa Muloza, aliyense ndi mavuto ake. Koma ukawasiya pamudzi, lemba chovuta kwambiri chija: abale alipo, nsima amatumiza, koma usiku aliyense amatseka chitseko chake, wotsala m'nyumba ndi wodwala ndi mwana. Ndipo mwanayo akayesa kudandaula, akuluakulu amamuyankha kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwo ndi wabwino, koma ndauona ukutseka pakamwa pa ana amene ankafuna kungonena kuti atopa ndipo akuchita mantha.

Usankhenso nthawi imodzi. Zenizenizo zinachitika m'zaka zija pulayimale itangokhala yaulere mu 1994, pamene ana anadzaza m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo mphunzitsi sankatha kudziwa kuti mwana uyu wajomba chifukwa chiyani. Njala ya 2002 inatipezanso tili m'kati mwa mavuto omwewo. Koma anthu a m'buku lako ali ndi mafoni ndipo akutumizirana ndalama pa Airtel Money. Ngati ndi masiku ano, dziwa kuti zina zinasintha. Kuli lamulo loteteza ndi kusamalira ana la 2010, kuli nambala yaulere ya 116 imene mwana akhoza kuimbako, m'masukulu muli magulu a amayi otsatira ana ojomba, pa boma pali ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo mabanja ena ovutikitsitsa amalandira Mtukula Pakhomo. Sindikuti zonsezi zimafika pakhomo lililonse. Ukhoza kulemba kuti mtsikanayo anadziwa nambalayo koma anaopa kuimba poganiza kuti amayi ake awatenga, iye n'kutsala yekha. Mantha amenewo ndi enieni, ndipo ndi amene amachititsa ana otere kunamiza aphunzitsi. Koma mzungu uja wotulukira ndi galimoto m'mutu womaliza n'kumulipirira sukulu, ameneyo mufufute. Achemwali ako fizi ya ku sekondale inachokera m'chinanazi chimene ankagulitsa pamsewu, m'nandolo wa agogo ako, ndi m'thumba la amalume ako amene sankalankhula zambiri.

Tsopano ndifike pachimene chandilembetsa kalatayi. M'buku lako mayiyo wamumiza mumtsinje wa Ruo. Mwana wanga, wapha munthu amene ali moyo. Amayi ako aang'ono ali ku Luchenza, amabayitsa jakisoni wawo mwezi ndi mwezi, amalima, amalera adzukulu, ndipo papita zaka zambiri osadwala kwambiri. Tsiku lina mdzukulu wawo adzabwera nalo bukuli kuchokera kusukulu n'kuwawerengera. Udzawayang'ana bwanji? Komanso imfa ya m'madzi kuno si yoseweretsa pofuna kukometsa nkhani. Anthu sanaiwale Freddy wa mu Malichi 2023, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola midzi, ena mpaka lero manda awo sakudziwika. Ndikudziwa kuti imfa imatseka buku mosavuta. Koma mabuku ndi masewero a pawailesi atiphera odwala maganizo okwanira, ndipo anthu amatengera pomwepo kuti matendawa mathero ake ndi kumanda kapena kutola zinyalala pamsika. Pakhomo pathu pomwe pano pali umboni woti munthu amachira n'kukalamba bwino. Kulemba mtsikana amene wakula, mayi ake achira, koma iye akadali ndi mkwiyo umene sadziwa kokautula, n'kovuta kuposa kulemba maliro. Yesa chovutacho.

Ndipo sungachilembe uli ku Blantyre. Amene anali m'kati mwa nyumba ija alipo. Pita ku Luchenza ukakhale pansi ndi achemwali ako, osati pafoni, osati pa WhatsApp. Ukawauze zimene walemba usanapite nazo kwa osindikiza kapena kwa anzako a ku MAWU, bungwe lija la olemba mabuku. Kumbukira kuti ali pabanja, ali ndi ana aakazi amene akukula, ndipo ukudziwa mmene anthu amanong'onezerana pa nkhani ya ukwati akamva kuti kubanja kwakutikwakuti kuli matenda a mutu. Iwo akhala zaka zonsezi akumanga mbiri yawo mwakachetechete. Akakuuza kuti usinthe mudzi, chipsera, nyimbo ndi ntchito ya mayiyo, usinthe osatsutsa. Akakuuza kuti usatulutse konse, usapse mtima, ubwere tidzakambirane ndi amalume ako. Koma ine ndikuwadziwa, mwina adzakuuza zinthu zimene ngakhale ine sanandiuzepo, pakuti palibe anawafunsapo kuti zinali bwanji. Ukapite ndi kope, koma usakalitulutse tsiku loyamba. Ukayambe wathandiza kusenda nandolo.

Kwa amayi ako aang'ono usakayambe ndiwe. Achemwali ako ndiwo akadziwe nthawi ndi mawu ake, ndipo ngati pafunika munthu wamkulu ine ndidzakwera minibasi.

Mapepala ndawasunga m'sutikesi, sindinaonetse munthu, ngakhale abusa amene anandipeza ndikuwerenga pakhonde. Pa tsamba 46 walemba kuti tiyi amathyola kwambiri mu Julayi. Konza, nthawi imeneyo kumazizira ndipo masamba amachepa. Ukamabwera kumapeto kwa mwezi unditengereko mankhwala opaka m'maondo aja ndi shuga, kuno wakwera mtengo. Undiuziretu tsiku kuti ndiwadziwitse a ku Luchenza. Upereke moni kwa akamwini, ndipo adzukulu uwauze kuti mapeyala apsa.

Ndine mayi ako.