Tiyeze madzi a pamjigo nyengo yopopera mankhwala a udzu

A Mkonzi,

Kwathu kuno alimi ambiri tinasiya kupalira ndi khasu, timapopera Bullet kapena Roundup mvula ikangogwa. Nanenso ndimapopera. Koma mu Disembala chaka chatha ndinaona mnyamata akutsukira sipuleya pamjigo, madzi oyera ngati mkaka akuyenderera m'ngalande n'kumalowa pansi pomwepo, amayi ali pamzere ndi zidebe. Mpaka lero mtima wanga suli m'malo.

Atrazine, amene ali mu Bullet, amakhalitsa m'nthaka ndipo amatsika ndi madzi a mvula. Mayiko a European Union adamuletsa mu 2004 chifukwa ankapezeka m'madzi a pansi. Kuwiritsa madzi kapena kuthira WaterGuard kumapha tizilombo, koma mankhwalawa amatsalamo, osaoneka, osanunkha.

Njira yowapezera ilipo, ndipo si yachilendo. Aliyense amene anabayidwa chala poyezetsa malungo anaiona: kachipangizo kaja kali ndi ma antibody, tizinthu tosaoneka ndi maso timene timagwira chinthu chimodzi chokha. Mtundu wake wa mu labotale ndi ELISA, imene Eva Engvall ndi Peter Perlmann adaiyambitsa ku Sweden mu 1971. Amadontheza madzi m'kambale ka timaenje 96, n'kuthiramonso atrazine wina womangiriridwa ku enzyme, chinthu chimene chimachititsa kuti mtundu utuluke. Atrazine wa m'madziwo ndi wothiridwayu amalimbirana malo pa ma antibody. Madzi akakhala abwino, mtundu umatuluka wowirira; akakhala ndi mankhwala ambiri, umatuluka wofuwa. Maola ochepa okha, zotsatira za zitsime zambiri zatuluka. ELISA imatha kuona mlingo wochepera mamayikulogalamu 3 pa lita (mayikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), amene ndi malire a atrazine m'madzi akumwa ku America.

Zovuta zake ndikuzidziwa. Zipangizozi zimafuna furiji, ndipo antibody nthawi zina amasokoneza atrazine ndi anzake ofanana naye monga propazine. Choncho madzi okayikitsa ayenera kukatsimikizidwa pa makina akuluakulu a chromatography, amene amalekanitsa mankhwala osiyanasiyana amene ali m'madzi. Koma makina amenewo ndi odula, sangayeze mjigo uliwonse. ELISA ingatisefere, makinawo n'kulandira zitsanzo zofunika zokha.

Ndikupempha a Pesticides Control Board ndi a Malawi Bureau of Standards kuti aganizire njirayi. Ayambe ndi mijigo ndi zitsime zosaya zimene zili m'munsi mwa minda ya chimanga ndi nzimbe, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndipo zotsatira zake akazipereke kwa makomiti a mijigo m'midzimo.

Ine wanu,
Mlimi wa chimanga, Dedza